Mchira wa dziko lapansi ndi tsogolo la magetsi kummwera kwa Africa

JOHANNESBURG – Usiku wa pa 10 May 2024, anthu ena m'chigawo cha Western Cape ku South Africa komanso ku Namibia anaona thambo la kummwera litafiira ngati kuti kuseri kwa mapiri kukupsa tchire. Sunali moto. Kunali kuwala kotchedwa aurora, komwe nthawi zambiri kumaoneka ku Norway, ku Canada kapena ku Antarctica, ndipo kufika kwake kuno chinali chizindikiro cha mkuntho wa maginito waukulu kuposa ina yonse yomwe inachitika kuyambira m'chaka cha 2003.

Ambiri anajambula zithunzi n'kumatumizirana pa mafoni. Koma kwa mainjiniya oyang'anira magetsi, kukongola kwa usiku umenewu kunali chikomekome cha mkuyu. Iwo amakumbukira kuti mkuntho wofanana nawo utawomba kumapeto kwa October 2003, mathiransifoma akuluakulu angapo a kampani ya Eskom anayamba kuwonongeka, ndipo ena anachotsedwa pa ntchito m'masabata ndi miyezi yotsatira.

Mphamvu yomwe imafiiritsa thambo ndi kutenthetsa thiransifoma imachokera ku dzuwa, koma yambiri siifika pansi pano molunjika. Imayamba yapitirira dziko lapansi, n'kukaunjikana ku mbali ya usiku, m'dera lalitali la mphamvu ya maginito lomwe asayansi amalitcha mchira wa dziko, kenaka n'kubwerera modzidzimutsa. Pamene maiko a SADC akulumikiza nthambo zawo za magetsi ndi kudalira kwambiri masetilaiti pa mauthenga, maulendo a ndege ndi kuyeza malo, zomwe zimachitika mu mchira umenewu zasanduka nkhani yokhudza chuma cha chigawo chino.

Mphepo yochokera ku dzuwa

Dzuwa silitumiza kuwala ndi kutentha kokha. Usana ndi usiku limatulutsanso tizinthu ting'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi, makamaka maelekitironi ndi mapulotoni, tomwe timamwazikira mbali zonse za mlengalenga. Wasayansi wa ku America, Eugene Parker, ananeneratu za mtsinje wa tizinthu timeneti m'chaka cha 1958 ndipo anautcha mphepo ya dzuwa. Anzake ambiri anamukayikira kufikira chombo cha Mariner 2, pa ulendo wake wa ku Venus m'chaka cha 1962, chinayeza mphepoyi kwa miyezi ingapo.

Mphepoyi imathamanga pafupifupi makilomita 400 pa sekondi imodzi, womwe ndi mtunda wa pakati pa Lusaka ndi Harare poyenda mowongoka, ndipo nthawi zina liwiro lake limafika makilomita 800. Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni, choncho mphepoyi imatenga masiku anayi kuti ifike kuno. Imabwera itanyamula gawo la mphamvu ya maginito ya dzuwa lenilenilo, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Dziko lapansi nalo ndi maginito aakulu. Chitsulo chosungunuka chomwe chimayendayenda mkatikati mwake chimapanga mphamvu yomwe imachititsa kuti kampasi iloze kumpoto, ndipo mphamvu yomweyo imatchinga mphepo ya dzuwa monga momwe thanthwe limagawira madzi pakati pa mtsinje. Ku mbali ya usana mphepoyi imakanikiza chotchingachi mpaka kutsala makilomita pafupifupi 64,000 kuchokera pakati pa dziko. Ku mbali ya usiku imachikoka n'kuchitalikitsa kupitirira pomwe pali mwezi, pa makilomita 384,000, mpaka kupyola makilomita 1 miliyoni. Umenewu ndiye mchira, womwe Norman Ness wa bungwe la NASA anaufotokoza m'chaka cha 1965 pogwiritsa ntchito miyezo ya setilaiti ya IMP-1.

Mchirawu uli ndi zigawo ziwiri zazikulu, cha kumpoto ndi cha kummwera. M'chigawo cha kumpoto mizere ya maginito imaloza ku dziko lapansi, pamene m'chigawo cha kummwera imaloza kutali ndi dziko. Pakati pa ziwirizi pali mpata wopyapyala wodzaza ndi tizinthu totentha kwambiri, ndipo mu mpatamo mumayenda magetsi modutsa mchira kuchokera ku mbali ya m'bandakucha kupita ku mbali ya madzulo. Magetsi amenewa ndi omwe amalekanitsa zigawo ziwirizo.

Momwe nkhokwe imadzazira

Funso lomwe linazunguza mitu asayansi linali lakuti mphamvu ya mphepoyi imalowera pati ngati chotchinga cha dziko chimaikana. Yankho lomwe ambiri akulivomereza lero linaperekedwa ndi James Dungey wa ku Britain m'chaka cha 1961.

Ku mbali ya usana, mizere ya maginito ya dziko imaloza kumpoto. Maginito obwera ndi mphepo ya dzuwa amasinthasintha koloza. Akaloza kumpoto, khomo limakhala pafupifupi lotseka ndipo mphepo imangolambalala. Akatembenukira kummwera, mizere yoloza mosemphana imakumana, imaduka, n'kulumikizananso mwa njira ina. Mzere womwe nsonga zake zonse ziwiri zinali pa dziko umatsala ndi nsonga imodzi pa dziko, inayo itamangirizika ku mphepo. Mphepo ija, popitiriza ulendo wake, imaukoka mzerewo kudutsa pamwamba pa nsonga za dziko za kumpoto ndi kummwera n'kukauyala mu mchira.

Mizere ikamaunjikana chotere, mchira umakhala ngati mpira wa legeni womwe mwana akuukoka pang'onopang'ono. Mphamvu ya liwiro la mphepo imasanduka mphamvu yosungidwa m'mizere yokokekayo. Zigawo ziwiri zija zimanenepa, mphamvu yake imakwera, ndipo mpata wa pakati umapanikizika n'kupyapyala kwambiri. Nthawi yodzaza imeneyi, yomwe Robert McPherron wa ku University of California ku Los Angeles anaifotokoza m'chaka cha 1970, imatenga mphindi 30 mpaka ola limodzi.

Legeni siikokedwa mpaka kalekale. Mpata wa pakati ukapyapyala mopitirira muyezo, mizere ya chigawo cha kumpoto ndi ya chigawo cha kummwera imakhudzana, imaduka n'kulumikizananso, monga zinachitikira ku mbali ya usana. Kawirikawiri izi zimachitika pa mtunda wa makilomita 130,000 mpaka 190,000 kuchokera pa dziko. Mbali ya kunja ya mchira imaduka n'kutengedwa ndi mphepo kupita kutali. Mbali ya mkati imabwerera ku dziko mwamphamvu, itanyamula tizinthu totentha tomwe timathamanga makilomita mazanamazana pa sekondi.

Pa nthawi yomweyo gawo la magetsi odutsa mchira limapatuka. Limatsikira m'mizere ya maginito mpaka mu mpweya wa pamwamba pa dziko, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100, limayenda chakumadzulo, kenaka n'kubwerera ku mchira. Maelekitironi otsikawo akawomba mpweya wa okosijeni ndi naitirojeni, thambo limawala. Okosijeni wa pa makilomita 100 mpaka 150 amatulutsa kuwala kobiriwira, pamene wa pamwamba pa makilomita 200 amatulutsa kofiira. N'chifukwa chake a ku Western Cape ndi Namibia anaona kufiira: iwo anali kutali, ndipo ankangoona nsonga ya pamwamba ya kuwalako.

Kudzaza ndi kukhuthula kumeneku kumatha m'maola awiri kapena atatu, ndipo kumachitika kangapo pa tsiku ngakhale dzuwa litakhala bata ndithu. Syun-Ichi Akasofu, wasayansi wa ku Japan yemwe ankagwira ntchito ku Alaska, anaona dongosolo lake m'chaka cha 1964 atasanthula zithunzi za thambo zomwe zinajambulidwa m'zaka za 1957 ndi 1958. Pa Chingerezi chochitikachi amachitcha substorm, kutanthauza kamkuntho.

Dzinalo lisapusitse munthu. Bungwe la NASA linawerengera kuti kamkuntho kamodzi komwe kanachitika pamwamba pa Alaska ndi Canada pa 23 March 2007 kanatulutsa mphamvu yofanana ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 139 miliyoni m'maola awiri okha. Damu la Cahora Bassa, lomwe makina ake amapanga mamegawati 2,075, lingafunike kugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse kwa masiku pafupifupi atatu kuti lifike pamenepo.

Mkuntho weniweni umachitika pamene maginito a mphepo akhala akuloza kummwera kwa maola ambiri, makamaka dzuwa likalavula mtambo waukulu wa tizinthu timeneti. Mitambo yotere imatha kufika kuno m'tsiku limodzi kapena awiri. Wa mu September 1859, womwe unasokoneza mawaya a telegalafu ku Ulaya ndi ku America, unafika pasanathe maola 18. Pa nthawi ya mkuntho mchira umadzaza ndi kukhuthula mobwerezabwereza, ndipo tizinthu tomwe umatumiza timazinga dziko pamwamba pa Equator, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 mpaka 40,000, n'kupanga nkhata ya magetsi. Nkhata imeneyi imafooketsa maginito a dziko kwa maola kapena masiku, ndipo kufooka kwake kumamveka bwino m'maiko ngati a kummwera kwa Africa.

Mkangano wa asayansi

Kwa zaka pafupifupi 30 asayansi anagawanika pa funso lakuti kukhuthulaku kumayambira pati. Gulu lina linkati kumayambira kutali, pomwe mizere imaduka, ndipo zotsatira zake zimasefukira ku dziko. Gulu lina, momwe munali Anthony Lui wa ku Johns Hopkins University, linkati kumayambira pafupi, pa makilomita pafupifupi 60,000, pomwe magetsi odutsa mchira amasokonezeka, ndipo kuduka kwa mizere kumabwera pambuyo. Setilaiti imodzi siikanatha kuweruza nkhaniyi chifukwa imangoona zomwe zikuchitika pamalo pomwe ili.

Pa 17 February 2007 NASA inaulutsa masetilaiti asanu pansi pa dzina lakuti THEMIS, lomwe ndi dzina la mulungu wamkazi wa chilungamo wa Agiriki akale. Njira zawo zinakonzedwa kuti masiku anayi alionse azindandalika mu mchira, pamwamba pa North America pomwe panali makamera oyang'ana kumwamba. Pa 26 February 2008 anagwira kamkuntho kakuyamba. Malingana ndi zomwe gulu la Vassilis Angelopoulos linafalitsa m'magazini ya Science chaka chomwecho, mizere inaduka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130,000. Patapita mphindi imodzi ndi theka kuwala kwa aurora kunakula. Ndipo magetsi a pafupi ndi dziko anasokonezeka patadutsa mphindi zitatu.

Lui anatsutsa katanthauziridwe ka miyezoyo, ndipo kafukufuku wotsatira waonetsa kuti zochitika za kutali ndi za pafupi zimakhudzana m'njira zingapo. Komabe palibe amene akukananso kuti kuduka ndi kulumikizananso kwa mizere ndiko kumamasula mphamvu yosungidwa. Masetilaiti anayi a Cluster a bungwe la ku Ulaya la ESA, omwe anagwira ntchito kuyambira 2000 mpaka 2024, ndi anayi a MMS omwe NASA inaulutsa mu March 2015, anawonjezera umboni. Pa 11 July 2017, a MMS anadutsa mkati mwenimweni mwa kadera kakang'ono ka mu mchira komwe mizere imadukira, n'kuyeza kayendedwe ka maelekitironi ake.

Mapulaneti ena athandizanso kutsimikiza mfundoyi. Mercury, yomwe ili pafupi ndi dzuwa ndipo maginito ake ndi ofooka, ili ndi mchira waung'ono. Chombo cha MESSENGER chitadutsa kumeneko pa 29 September 2009 chinapeza kuti mchirawo umadzaza ndi kukhuthula m'mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Jupiter ili ndi mchira womwe umafika pafupi ndi njira ya Saturn, koma wambiri mwa katundu wake amachokera ku mapiri ophulika a mwezi wake wotchedwa Io, omwe amathira mu mlengalenga pafupifupi tani imodzi ya mpweya pa sekondi, ndipo mphamvu yake yambiri imachokera m'kuzungulira kwa pulanetiyo. Kufanizira zitatuzi kumaonetsa kuti kukula kwa nkhokwe ndi gwero la zodzazamo ndizo zimalamulira kutalika kwa nthawi yodikira.

Kuchokera ku mchira kufika pa thiransifoma

Munthu woyenda pansi savulazidwa ndi mkuntho wa maginito, chifukwa mpweya wozinga dziko umamuteteza. Zomwe zili pa chiopsezo ndi zipangizo zazitali zachitsulo. Lamulo lomwe Michael Faraday anapeza m'chaka cha 1831, lomwenso limayendetsa majenereta a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, limati maginito akamasintha pafupi ndi waya, mu wayamo mumabadwa magetsi. Magetsi a kumwamba akasintha mwadzidzidzi, maginito a pansi pano amagwedezeka, ndipo m'nthaka ndi m'nthambo zazitali mumayamba kuyenda magetsi osaitanidwa.

Magetsi amenewa amalowa m'thiransifoma kudzera pa waya womwe umailumikiza ku nthaka. Thiransifoma inapangidwira magetsi osinthasintha koloza maulendo 50 pa sekondi, koma olowererawa amayenda mbali imodzi kwa nthawi yaitali. Chitsulo cha mkati chimakhuta maginito, zigawo zina zimatentha, pepala lokutira mawaya limapsa pang'onopang'ono, ndipo mphamvu ya magetsi pa nthambo imatsika. Nthambo ikakhala yaitali ndi ya mphamvu yaikulu, komanso ikadutsa pa miyala yolimba yomwe siilola magetsi kuyenda bwino m'nthaka, vutoli limakula.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha ku Quebec ku Canada, komwe pa 13 March 1989 magetsi a chigawo chonse anathima pasanathe mphindi ziwiri, ndipo anthu 6 miliyoni anakhala opanda magetsi kwa maola asanu ndi anayi. Pa 30 October 2003 makasitomala pafupifupi 50,000 mu mzinda wa Malmö ku Sweden anakumana ndi zofanana kwa kanthawi kochepa. Popeza maiko amenewa ali pafupi ndi nsonga ya kumpoto ya dziko, anthu ankakhulupirira kuti Africa ili kutali ndi ngoziyi.

Kafukufuku yemwe Trevor Gaunt wa ku University of Cape Town ndi mnzake wa ku Eskom anafalitsa m'chaka cha 2007 anagwedeza chikhulupiriro chimenechi. Iwo anaonetsa kuti mikuntho ya October ndi November 2003 itadutsa, mpweya wosonyeza kupsa unayamba kuchuluka m'mafuta a mathiransifoma angapo a pa malo opangira magetsi. Thiransifoma ya ku Lethabo inasiya kugwira ntchito pa 17 November, ya ku Matimba pa 23 November, ndipo zina za ku Tutuka, Matimba ndi Lethabo zinatsatira m'chaka cha 2004.

Phunziro la mu kafukufukuyu ndi lakuti kuno ngoziyi siibwera ngati ya ku Quebec. Magetsi sathima usiku womwewo. Thiransifoma imavulala mkati, imapitiriza kugwira ntchito, n'kudzafa patapita masabata kapena miyezi, pomwe aliyense waiwala za mkuntho. Kampani yomwe siiyeza magetsi olowererawa ingathe kuloza chala ukalamba wa chipangizo kapena mphezi. Thiransifoma yaikulu siigulidwa ngati katundu wa m'sitolo: imapangidwa pa oda kunja, ndipo kudikira kwake kumapitirira chaka.

Masetilaiti ndi ndege

Mchira umakhudzanso zipangizo za mu mlengalenga. Masetilaiti omwe amabweretsa wailesi ya kanema ndi mauthenga m'chigawo chino amakhala pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa Equator, ndipo usiku uliwonse amadutsa pakhomo penipeni pomwe mchira umakhuthulira maelekitironi otentha. Maelekitironiwa amaunjikana pa setilaiti mpaka kuthetheka ngati kamphezi. Pa 5 April 2010 setilaiti ya Galaxy 15 ya kampani ya Intelsat inasiya kumvera malamulo ochokera pansi pa nthawi ya kamkuntho kamphamvu, ndipo inayendayenda yokha mpaka mu December chaka chomwecho.

Mphamvu yotsikira pansi imatenthetsanso mpweya wa pamwamba n'kuufufumitsa, zomwe zimachedwetsa masetilaiti oyenda m'munsi. Mu February 2022 kampani ya SpaceX inataya masetilaiti 38 a Starlink mwa 49 omwe inali itangoulutsa kumene, kaamba ka mkuntho womwe sunali waukulu n'komwe.

Zizindikiro za GPS nazo zimapotoka zikamadutsa mu mpweya wosokonezekawo. Mu May 2024 alimi ena ku United States anaimitsa kubzala chifukwa mathirakitala awo oyendera GPS anayamba kuphonya mizere. Kuno GPS imagwira ntchito m'migodi, poyeza malire a minda, pa ndege ndi posunga nthawi m'makina a mafoni ndi a mabanki. Maiko ngati Kenya, Tanzania ndi DR Congo ali m'dera lomwe mpweya wa pamwamba umasokonezeka kale dzuwa likangolowa, ndipo mkuntho umatha kusintha kukula ndi nthawi ya chisokonezocho. Wailesi ya HF, yomwe oyendetsa ndege amaidalira pamwamba pa nyanja ndi m'madera opanda zipangizo za pansi, imakhudzidwanso.

Diso la chigawo lili ku Hermanus

Chigawo chino sichikuyamba nkhaniyi chimanjamanja. Malo oyezera maginito a dziko anakhazikitsidwa ku Cape Town m'chaka cha 1932 ndipo anasamutsidwira ku Hermanus mu 1941, kuthawa chisokonezo cha sitima zoyendera magetsi. Hermanus ndi amodzi mwa malo anayi okha, pamodzi ndi Kakioka ku Japan, Honolulu ku Hawaii ndi San Juan ku Puerto Rico, omwe miyezo yawo imapanga nambala yotchedwa Dst, yomwe dziko lonse limayezera mphamvu ya nkhata ya magetsi ija. Mu mkuntho wa May 2024 nambalayi inatsika kupitirira -400, pamene masiku a bata imakhala pafupi ndi ziro.

Malowa ali pansi pa bungwe la SANSA, loona za mlengalenga ku South Africa, lomwe mu November 2022 linatsegula likulu lochenjeza za nyengo ya mu mlengalenga logwira ntchito usana ndi usiku. Bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, linasankha SANSA m'chaka cha 2018 kukhala likulu la chigawo pa ntchitoyi. SANSA ilinso ndi zipangizo zoyezera maginito ku Tsumeb ndi Keetmanshoop ku Namibia, komanso rada pa siteshoni ya SANAE IV ku Antarctica, yomwe imaona kayendedwe ka mpweya wa pamwamba m'dera lomwe mizere yochokera ku mchira imatsikira.

Chenjezo lili ndi malire ake. Mtambo ukachoka pa dzuwa umaoneka tsiku limodzi mpaka atatu usanafike, koma koloza maginito ake, komwe ndi komwe kumatsegula kapena kutseka khomo, kumadziwika pokhapokha mtambowo ukadutsa masetilaiti omwe ali pa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera pa dziko. Apo pamakhala patatsala mphindi 15 mpaka 60. Ena mwa masetilaitiwa ndi okalamba: SOHO inaulutsidwa mu 1995 ndipo ACE mu 1997, n'chifukwa chake dziko la United States linatumiza ina yatsopano mu September 2025. Ndipo ngakhale asayansi atha kuona kuti mchira ukudzaza, mphindi yeniyeni yomwe ukhuthule siinenedweratu molondola. Woyang'anira magetsi ayenera kukhala ndi dongosolo lokonzeratu, pakuti nthawi yoitanitsa msonkhano siikhalapo.

Walira mvula walira matope

Bungwe la Southern African Power Pool, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1995 ndipo likulu lake lili ku Harare, lathandiza maiko kugulitsana magetsi. Chilala cha 2024, chomwe chinatsitsa madzi a ku Kariba n'kusiya anthu a ku Zambia ndi Zimbabwe mu mdima kwa maola ochuluka pa tsiku, chinaonetsa kufunika kwa mgwirizanowu. Nthambo ya makilovoti 400 yochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete ku Mozambique kufika ku Phombeya m'boma la Balaka, yotalika makilomita 218, inakonzedwa kuti dziko la Malawi lilowe nawo mu msika umenewu. Koma nthambo iliyonse yaitali yomwe yawonjezedwa ndi njiranso ya magetsi osaitanidwa, ndipo vuto lobuka pa siteshoni imodzi limatha kumveka kutsidya kwa malire.

Sikoyenera kukokomeza. Chilala, ngongole, kuba kwa mawaya ndi mafuta a m'mathiransifoma ndiwo mavuto a tsiku ndi tsiku a makampani a magetsi m'chigawo chino, ndipo maiko oyandikira Equator amalandira gawo lochepa la ngoziyi poyerekeza ndi South Africa ndi Namibia. Mkuntho wa May 2024 unadutsa popanda dziko lililonse kugwa ngati Quebec. Komabe pomwe magetsi ndi osakwanira kale, kutaya thiransifoma imodzi ya pa malo opangira magetsi ndi nkhani ya miyezi yambiri ya mdima.

Dziko la New Zealand laonetsa kuti kukonzekera sikufuna chuma chambiri. Thiransifoma ina itawonongeka ku Dunedin mu mkuntho wa pa 6 November 2001, kampani ya Transpower inagwirizana ndi asayansi a ku University of Otago kuyeza magetsi olowerera ndi kupeza nthambo zomwe zimawanyamula kwambiri. Mu May 2024, chenjezo litabwera, kampaniyi inazimitsa dala nthambo zingapo pofuna kuteteza mathiransifoma, ndipo anthu anapitiriza kulandira magetsi.

Zofanana ndi zimenezi n'zotheka kuno. Makampani atha kuika zipangizo zoyezera pa mawaya olowa m'nthaka a mathiransifoma akuluakulu, kupima mafuta ake mkuntho uliwonse waukulu ukadutsa, ndi kulemba m'mapangano ogulira kuti thiransifoma yatsopano izitha kupirira magetsi otere. Machenjezo a ku Hermanus atha kumafika mwachindunji m'zipinda zoyendetsera magetsi ku Lusaka, Harare, Maputo, Gaborone ndi Blantyre. Mayunivesite a m'chigawochi atha kusunga zipangizo zoyezera maginito ndi GPS, zomwe zingadzaze mipata ya miyezo pakati pa Namibia ndi East Africa ndi kuphunzitsa achinyamata ntchitoyi.

Dzuwa limakwera ndi kutsika mphamvu pa zaka pafupifupi 11 zilizonse. NASA ndi NOAA analengeza mu October 2024 kuti lafika pachimake, ndipo mikuntho ina yamphamvu inawomba mwezi womwewo komanso mu November 2025. Mbiri ikusonyeza kuti chimake chikadutsa ngozi siitha: mikuntho ya 2003 inabwera patapita zaka ziwiri chidutsireni chimake cha nyengo imeneyo. Thiransifoma yaikulu imayembekezeka kugwira ntchito zaka 40. Zomwe maiko a chigawo chino akugula ndi kuzika m'zaka zino zidzakumana ndi zimake zitatu kapena zinayi za dzuwa, ndipo kupirira kwake kudzadalira zomwe zikulembedwa m'mapangano ogulira lero.